Anachedwa ndani, wodwala kapena inu?

Pali mawu awiri amene ndikufuna achoke m'kamwa mwa anthu ovala zoyera m'zipatala zathu: "Mwabwera mochedwa."

Ndinawamva ndi makutu angawa akunenedwa za malume anga. Anali atagona pakabedi kopimira m'chipatala china chachikulu mumzinda, atafunda chitenje cha akazi awo m'chiuno. Fungo la chilonda linali litadzaza kachipinda konse, moti namwino anachita kukankha zenera. Dokotala anavundukula chitenjecho, anayang'ana m'mphechepeche, n'kuvundikiranso. Kenaka anatembenukira kwa ine, osati kwa mwini thupi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, bambowa mwabwera nawo mochedwa."

Malume sanayankhe. Anangopisa dzanja m'thumba la jekete limene anatsamira, n'kutulutsa timabuku titatu ta kuchipatala tomangidwa ndi mphira. Anandipatsa ine. "Mphwanga, awonetse adokotalawo."

M'timabukumo munali masiku. Kanayi konse, m'miyezi 14, bambo ameneyu anakwera kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno ku Ntcheu. Kanayi konse anawalembera chinthu chimodzi: matenda opatsirana pogonana. Jakisoni wa pathako, mapiritsi a sabata imodzi, ndi kapepala koti akabwere ndi akazi awo.

Tsono ndiuzeni. Anachedwa ndani?

Lero ndikulankhula ndi inu amene mumakhala kuseri kwa tebulo, cholembera m'manja, mutu uli pansi, n'kulemba mankhwala wodwala asanamasule n'komwe lamba. Ndipo koposa inuyo, ndikulankhula ndi mabwana anu, aja amayendera zipatala pagalimoto zoziziritsa mkati, kuwerenga manambala m'kaundula, kusaina buku la alendo, n'kubwerera dzuwa lisanapendeke, osafunsa ngakhale kamodzi kuti bambo amene walembedwa kanayi ndi chilonda chimodzimodzi anathera kuti.

Matendawa tiwatchule dzina lake popanda kuzungulira. Ndi khansa ya chida cha abambo.

Kawirikawiri imayambira kumutu kwa chidacho kapena mkati mwa khungu lophimba mutuwo. Imaoneka ngati kachilonda kosapola, kapena njerewere yomakulirakulira, kapena kamalo kofiira kolimba m'mbali. Nthawi zina mwini wake saona kanthu chifukwa khungulo lathina, silibwereranso m'mbuyo. Amangoona mafinya onunkha kapena timagazi pakabudula wamkati. Poyamba sipweteka kwenikweni. Mwa odwala pafupifupi theka imayambitsidwa ndi HPV, kachilombo komwe kaja kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero mwa amayi athu. Khungu lothina, kusuta fodya ndi kachilombo ka HIV zimawonjezera chiopsezo. M'chaka cha 2020 abambo pafupifupi 36,000 anapezeka nayo padziko lonse, ndipo oposa 13,000 anamwalira nayo. Kumene imachuluka si ku Ulaya ayi. Ndi kumayiko monga Uganda, Eswatini ndi madera osauka a Brazil, kwa anthu okhala ngati ife.

Koma chimene chimatenga moyo wa munthu si chilonda cha kumutu kwa chida. Ndi chimene chikuchitika m'mphechepeche.

Aliyense wokulira kumudzi akumudziwa mwanabere. Ukapunthwa chala pachitsa ukukusa ng'ombe kudambo, chala n'kutukusira, mawa lake m'mphechepeche mumatuluka kambulu kopweteka, n'kumayenda motsimphina. Kambuluko ndi sefa. Thupi lili ndi timitsempha ting'onoting'ono toyenda madzi, osati magazi, ndipo madzi ochokera kumwendo ndi kumaliseche amayamba asefedwa m'timibulu ta m'mphechepeche asanapitirire. Tizilombo tikakodwa pamenepo, kambulu kamatupa. Chala chikapola, nako kamaphwa.

Khansa ya chida imatsata njira yomweyo, ndipo imayenda ngati minibasi yoima siteji iliyonse. Siteji yoyamba ndi anabere a m'mphechepeche. Yachiwiri ndi anabere a mkati mwa chiuno, amene dzanja silingawafike. Ikachoka pamenepo ndiye imapita kumapapo, kuchiwindi ndi kumafupa. Kawirikawiri sidumpha siteji. Apa ndi pamene pagona mwayi wa wodwala: pali nthawi imene khansa yafika m'mphechepeche koma sinapitirire, ndipo dokotala wa opaleshoni akachotsa anabere onsewo, munthu amachira ndithu.

Nthawi imeneyo ndi yaifupi. Ndipo ndi imene mukuithera ndi majakisoni a chindoko.

Mabwana mumakonda manambala, ndiye tamverani. Ku America, mwa abambo 100 amene khansayi yapezeka isanachoke pachida, pafupifupi 80 amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu. Ikafika kwa anabere, otsala ndi pafupifupi theka. Ikafika kuziwalo zakutali, otsala ndi 10 kapena kuchepera apo. Kumeneko ndi kwa makina ounikira thupi lonse, kwa madokotala a khansa opezeka m'tauni iliyonse. Bambo wa ku Kasinje kapena ku Tsangano, amene ulendo wa ku Lilongwe amayamba wagulitsa mbuzi, musaganize kuti mwayi wake ungapose umenewu.

Ngakhale pakati pa amene khansa yafika kale kwa anabere, si onse amene ali pamzere umodzi. Madokotala amachita kuwerenga timibuluto. Kakhala kamodzi kapena tiwiri, mbali imodzi, tosuntha ukatikhudza, khansa ikadali mkati mwa kachikopa kake, anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse amapulumuka akachitidwa opaleshoni. Timibulu tikachuluka, kapena tikagwira mbali zonse ziwiri, mwayi umatsika. Khansa ikaboola kachikopa ka kambulu n'kumera m'mnofu, chotupa n'kuuma gwa osasunthanso, opulumuka safika theka. Ikalowa mkati mwa chiuno, safika mmodzi mwa atatu.

Mwezi uliwonse umene bambo akumwa mapiritsi a matenda amene alibe, akutsetsereka pamtunda umenewu, ndipo kukwera kwake kulibe.

Mu 2005 madokotala a chipatala cha khansa ku Amsterdam anafalitsa zimene anapeza pa odwala 40. Onsewo anali ndi khansa yobisala mwa anabere amene anali asanatupe n'komwe, chinthu chomwe chimachitika kwa pafupifupi mmodzi mwa asanu amene m'mphechepeche mwawo simukumveka kanthu. Theka la odwalawo anawachotsa anabere msanga. Theka linalo anawachotsa atayamba kumveka ndi dzanja. Patatha zaka zitatu, mwa ochitidwa msanga opulumuka anali 84 pa 100 alionse. Mwa odikirira anali 35 okha.

Taonani bwino. Awa anangodikira kuti kambulu katupe basi, dokotala akuwayang'anira, n'kutaya mwayi wochuluka chotere. Nanga bambo amene kambulu katupa kale, inu n'kumuuza kuti ndi mabomu, mukumutumiza kuti?

Liwu limeneli, mabomu, lakwirira abambo ambiri. Sindikukana kuti mabomu alipo. Chilonda cha kumaliseche chokhala ndi chotupa m'mphechepeche nthawi zambiri chimakhaladi matenda opatsirana pogonana, makamaka mwa anyamata. Njira imene zipatala zathu zimatsata, yopereka mankhwala poona zizindikiro osadikira labotale, inalimbikitsidwa ndi bungwe la WHO m'mayiko osowa malabotale, ndipo yathandiza anthu osawerengeka. Ine sindikulimbana nayo. Koma njira yomweyo imanena momveka kuti wodwala abwerenso pakatha masiku 7, ndipo ngati chilonda sichikusintha atumizidwe kuchipatala chokulirapo. Muvi umenewo uli patchati chomwe chija chapachikidwa pakhoma kumbuyo kwanu. Chindoko chimamva penisilini. Chilonda chimene chalandira jakisoni kawiri osagwedezeka chikukuuzani chokha kuti icho si chindoko.

Bwanji muvi wotsirizawo simuutsata? Ndipo inu oyendera, bwanji simufunsa?

Kale ngakhale madokotala a ku Ulaya ankati wodwala khansayi amene anabere ake atupa ayambe wamwa mankhwala opha tizilombo kwa masabata 4 mpaka 6, aone ngati aphwe. Anasiya, ataona kuti kudikirako kukupha anthu. Malangizo awo a lero amati kambulu kotupa kapimidwe msanga, ndipo opaleshoni ya anabere ikhale itachitika isanathe miyezi itatu chipezekere khansa. Miyezi itatu. Malume anataya 14 asanamve n'komwe liwu loti khansa.

Pali china chimene simuchiona muli kuseri kwa tebulo lanu. Kapepala kaja koitana mkazi.

Akazi awo a malume, mayi wa Mvano, anabayidwa katatu jakisoni wa matenda amene analibe. Ulendo woyamba anangokhala chete. Wachiwiri anafunsa amuna awo kuti kodi tsiku la msika mumachedwa kuti. Wachitatu malume nawo anayamba kukayikira mkazi wawo, pakuti iwo ankadziwa mumtima mwawo kuti sanayende ndi aliyense, pamene achipatala akuti matendawa akubwerera chifukwa wina akupatsira mnzake. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pamtengo wa mango kuweruza mlandu umene kunalibe. Ana anagawanika, ena kwa mayi, ena kwa bambo. Banja la zaka 30 linatsala pang'ono kupasuka chifukwa cha cholembera cha munthu amene sanafune kuyang'ana. Tsiku limene dokotala wa mumzinda anatchula khansa, mayi aja analira kulira kwa mitundu iwiri, ndipo kumodzi kunali kwa munthu amene dzina lake layeretsedwa nthawi itatha.

Ndikudziwa chimene muyankhe. Muti abambo ndi obisa matenda. Amayambira kwa sing'anga, amagula makapusozi kwa mavenda pamsika, amabwera zitafika pa mwana wakana phala. Muti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choonadi chilimo. Kulikonse padziko abambo ambiri amasunga chilonda chimenechi miyezi, ena chaka chathunthu, asanakachionetse. Malume nawo anayamba apaka mankhwala achikuda kwa miyezi iwiri, sindibisa. Koma chitseko anatsekula. Anapeza chiyani? Mzere wa amayi ndi ana pabenchi, chipinda cha chitseko chosatsekeka, katani yong'ambika, ndi funso lofunsidwa mokweza kuti, "Bambo, vuto n'chiyani?" Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, ayankhe bwanji pamene apongozi ake ali pabenchi panja akumva? Anangoti, "Ndili ndi kachilonda kumusi kuno." Cholembera n'kuyamba kuyenda.

N'chifukwa chake timabuku tinali titatu. Ankagula katsopano poopa kuti mdzukulu wa kusukulu akatsegula kakale aona zimene zalembedwamo. Mbiri ya chilonda inadukaduka, aliyense n'kumachitenga ngati chayamba dzulo. Komatu funso limodzi lokha likanalumikiza zonse: "Chilondachi chinayamba liti?" Diso limodzi lokha likanaona kuti m'mbali mwake ndi molimba, mopindika, kuti ichi si chilonda cha sabata yatha.

Manyazi a wodwala ndi gawo la ntchito yanu, ndipo mumadziwa kuwagonjetsa mukafuna. Amayi athu kale ankathawa kupimidwa khomo la chiberekero. Munalankhula pawailesi, kusikelo ya ana, m'matchalitchi, kudzera mwa alangizi a zaumoyo, ndipo lero amayi amauzana okha kuti tiye ukapimitse. Nanga abambo munawauza chiyani? Ndi liti pamene munamva pawailesi kuti chilonda cha kumaliseche chimene chatha mwezi osapola chingakhale khansa? Chaka chilichonse Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano, abambo zikwizikwi pabwalo limodzi pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani. Misika ya Lizulu, Kampepuza ndi Manjawira imadzaza sabata iliyonse. Abambowo simukuwasowa. Chosowa ndi munthu wa zaumoyo wolimba mtima kutchula chiwalocho pagulu.

Ndipo abambo amathawa chifukwa anamva kuti kuchipatala amadula. Anawauza ndani kuti khansayi ikapezeka ikadali pakhungu la kunsonga, mdulidwe wokha ungathe kuichotsa? Kuti ikakhala yaing'ono amangochotsa kachigawo, munthu n'kutsala ndi chida chake, kukodza ali chiimire, kukhala malo amodzi ndi mkazi wake? Kudula chonse kumabwera chifukwa cha kuchedwa komweko. Mantha amene akuwathawitsa akanatha kuwathamangitsira kuchipatala, pakanapezeka wowafotokozera.

Muyankhanso kuti khansayi ndi yosowa. Muti tili ndi malungo, tili ndi khansa ya khomo la chiberekero imene Malawi ali m'gulu la mayiko otsogola padziko lonse, tili ndi ya kummero, ya Kaposi.

Sindikupempha kuti mulande tambala imodzi ya amayi. Koma kusowa kwakeko mwakudziwa bwanji, pamene odwala ake mukuwalemba m'kaundula wa chindoko? Munthu amene sanadulidwe kanyama kukapima salowa m'chiwerengero cha khansa. Amafera kumudzi, pamaliro n'kungoti anadwala nthawi yaitali. Boma la Ntcheu linali ndi anthu oposa 650,000 pakalembera wa 2018. Kwa ambiri a ife kuno mdulidwe si mwambo wa makolo, chonsecho mdulidwe wa paubwana ndi umene umateteza kwambiri ku khansayi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti abambo odulidwa m'Malawi anali pafupifupi 28 pa 100 alionse. Wa 2020-21 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 9 pa 100 alionse ali ndi HIV. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana, ndipo kuyamba ndi atsikana kunali kolondola, koma anyamata athu salandira, pamene ku Australia amalandira kuyambira 2013. Zonse zimene khansayi imameramo bwino zili pano. Mukuyembekezera kuti iphonye Ntcheu chifukwa chiyani?

Ndiye pali yankho lija lotsekera nkhani iliyonse m'dziko muno: tilibe zipangizo.

Kugwira m'mphechepeche kumafuna makina anji? Magulovesi ndi zala zitatu. Kumatenga nthawi yochepa kuposa kulemba kapepala koitana mkazi.

Kudula kanyama kokapima kumafuna jakisoni wochititsa dzanzi, kampeni, ulusi wosokera ndi kabotolo ka formalin. Chichokere pamene kafukufuku wa ku Orange Farm, Kisumu ndi Rakai anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa kwambiri mwayi wotenga HIV, dziko lino laphunzitsa anthu ochuluka kudula khungu, m'zipatala ngakhale m'matenti. Manja amene amachotsa khungu lonse n'kusoka bwinobwino alephera bwanji kudula kanyama kochepa ngati njere ya chimanga? M'zipatala za m'maboma, ma clinical officer athu amatumbula amayi kutulutsa ana usiku ndi usana. Njinga zamoto zimazungulira kale zipatala zazing'ono kutenga magazi a anthu a ma ARV ndi makhololo a TB. Kabotolo kamodzi sikangakwere nawo? Labotale yopima tinyama ilipo ku Kamuzu Central Hospital kuyambira 2011, ndipo ku Blantyre kulinso odziwa ntchitoyi.

Ntcheu ili pakati pa mizinda iwiriyi, pamsewu wa M1. Tsiku lililonse kabichi ndi kachewere za ku Lizulu ndi ku Tsangano zimafika ku Lilongwe ndi ku Blantyre zisanafote. Kabichi afika, kanyama ka munthu n'kulephera?

Musatiuzenso kuti nzeru za matendawa ndi za mayiko olemera okha. Njira imene madokotala padziko lonse amagwiritsa ntchito lero, ngakhale pa khansa ya m'mawere, yofufuza kambulu koyamba kumene khansa imafikira, inatchuka ndi ntchito ya Ramón Cabañas, dokotala wa ku Paraguay, amene mu 1977 anafalitsa zimene anapeza pa odwala khansa ya chida yomweyi. Paraguay si America. Munthuyo anali ndi odwala ambiri osauka, ndipo anawayang'anitsitsa.

Inu wa kuseri kwa tebulo, ndikudziwa kuti mzere umafika mpaka kunja kwa mpanda, kuti muli nokha, kuti usiku munagonera kwa mayi wobereka. Sindikunyoza kutopa kwanu. N'chifukwa chake mlandu waukulu ndikuupereka kwa amene amakuyenderani. Iwo amafuna kwa inu chiwerengero cha odwala matenda opatsirana pogonana mwezi uliwonse, ndipo inu mumapereka chimene akufuna. Akanamafunsa kuti, "Amene anabwera kachiwiri ndi chilonda chosapola ndi angati, ndipo munawatumiza kuti?", mukanayamba kuwawerenga mawa lomwe. Akanalamula kuti bambo aliyense wobwera kachiwiri avule, agwiridwe m'mphechepeche, zopezekazo zilembedwe m'kabuku, n'kupatsidwa kalata ya ku boma tsiku lomwelo, zikanachitika. Akanaika munthu mmodzi paboma woti azitsatira kabotolo kalikonse kapita kulabotale, n'kuimbira foni wodwala zotsatira zikatuluka, sitikanamvanso za anthu ouzidwa kuti "mubwere mwezi wamawa" katatu konse, aliyense atagulitsa nkhuku ya thiransipoti. Zimenezi sizifuna ngongole ya kunja.

Dziko lino lamanga chipatala cha khansa ku Lilongwe, ndipo makina owotcha khansa, amene kwa zaka zambiri Amalawi ankawatsatira ku Tanzania ndi ku India, tsopano afika m'dziko muno. Tili ndi ndondomeko ya dziko yolimbana ndi khansa ya 2019 mpaka 2029. Zonsezi ndi zonyaditsa, ndipo ine ndinasangalala nazo. Koma khansa ya chida ikamanga m'chiuno, ngakhale zipatala zapamwamba padziko zimavutika nayo. Ku Houston, madokotala anapereka mankhwala atatu amphamvu a m'diripi, paclitaxel, ifosfamide ndi cisplatin, kwa odwala 30 amene anabere awo anali atakula kwambiri, kenaka ambiri mwa iwo n'kuwachita opaleshoni. Atafalitsa zotsatira mu 2010, zotupa zinali zitachepa mwa theka la odwalawo, koma amene anatsala ali moyo khansa osabwereranso anali 9 okha. Nyumba yokongola ya ku Lilongwe ilandira chiyani ngati zipatala za kumudzi zikutumiza anthu khansa itadutsa kale siteji yachiwiri? Moyo wa bambo ameneyu umapulumutsidwa kapena kutayidwa pabenchi ya chipatala chaching'ono, paulendo wake wachiwiri.

Sindinganame kuti opaleshoni yochotsa anabere ndi yamasewera. Bala lake limachedwa kupola, limatulutsa madzi masabata angapo, ndipo mwendo umatha kutupa moyo wonse. Koma malume akanapatsidwa mwayi wosankha, akanasankha mwendo wotupa, n'kumapalira kachewere wawo motsimphina.

Sanapatsidwe. Anatibweza ndi botolo la mofini wamadzi. Chotupa cha kumanzere chinaphulika, n'kukhala dzenje lolowa chibakera. Cha kumanja chinatsatira. Akazi awo ankang'amba zitenje zakale kuti zikhale mabandeji, n'kumazichapa usiku, kuziyanika m'nyumba kuti anthu odutsa asaone. Anzawo a kumpingo ankabwera kudzapemphera n'kuima pakhomo chifukwa cha fungo, malume n'kumapepesa. Pansi penipeni pa anabere a m'mphechepeche pamadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi kumwendo, ndipo khansa ikaudya, magazi saletseka. Zinatero mbandakucha wina, patatha miyezi isanu chibwerere kumzinda. Mphasa tinachita kukwirira.

Timabuku titatu tija ndili nato mpaka lero. Patsamba la ulendo wachiwiri pali tsiku, pali dzina la jakisoni, pali siginecha. Za m'mphechepeche palibe liwu ngakhale limodzi. Ndinawafunsa malume akadali ndi mphamvu zolankhula kuti tsiku limenelo munali bwanji. Anati kambulu kanali kamodzi, kumanzere, kukula kwake ngati nzama, ndipo akakakankha ndi chala kankasuntha.